Mafunso Khumi a Ammi

Multan, 4 Epulo

Mwana wanga Tabish,

Salaam aleikum. Kaya uli bwanji ku Busan, ku Korea kwakoko, kaya ukudya kaya ayi. Pa chithunzi unatumiza chija khosi lako latalika ngati la nkhuku yachitopa. Ife kuno Mulungu akutisunga. Kutentha kwayamba kale, magetsi akuzima kanayi pa tsiku.

Ndikulemba kalata chifukwa lamulo la Abbu ako ukulidziwa. Zaka makumi atatu anagwira ntchito ku positi, ndipo ankati nkhani ya pa foni ndi mphepo, nkhani yeniyeni imakhala ndi sitampa. Sitiroko ija inawamanga thupi lonse, pakamwa ndi zikope zomwe, koma lamulo lawo m'nyumba muno silinafe ziwalo.

Chisoti cha mawaya unatisiyira chija chikugwira ntchito bwino zedi. M'mawa uliwonse ndimawasambitsa, kuwadzoza mafuta m'mutu, kuwaveka chisoticho, kenako n'kutchuna makina monga unandiphunzitsira: mafunso khumi, ine n'kumadina batani lobiriwira kapena lofiira. Zikatero kabokosi kaja kamawayankhulira tsiku lonse, eya kapena ayi. Ndikuuze, mwanawe, bambo ako asintha! Wailesi ya kiriketi ija sakuifunanso. Karela wanga, ndiwo ya nkhaka zowawa ija, akumufuna kawiri pa tsiku. Ine ndinkadziwa kale kuti mkati mwawo ndi munthu wanzeru.

Tsono nkhani ndi iyi. Mnyamata uja Sarmad, wa ku chipatala amene ankabwera kudzawawongola miyendo Abbu ako, anabwera Lachisanu ndi amayi ake, atanyamula bokosi la maswiti. Ati akufuna mlongo wako Mahrukh. Tangomva! Munthu wokanda anthu miyendo! Koma ine sindinayankhe kanthu, mwini mwana alipo. Ndinawaveka chisoti Abbu ako n'kuwafunsa pamaso pa alendowo. Kabokosi kanati, "Ayi." Ndinazimitsa pomwepo, munthu wamkulu safunsidwa kawiri. Maswitiwo anabwerera nawo.

M'mawa mwake ndinafunsa za Waqas, mwana wa mchimwene wanga Jahangir, amene ali ndi sitolo ziwiri za matailosi. Kabokosi kanati, "Eya." Basi, yatha. Amalume ako abwera ndi banja lonse pa 21 Juni kudzatomera. Ngati aprofesa akowo ali ndi mtima wa umunthu, akulole ubwere.

Undiyankhe msanga, ndipo undiuze ngati wapezako mtsikana wodziwa kupemphera.

Ndine Ammi ako,
Zarqa

*

Multan, 5 Epulo

Achimwene,

Salaam. Muli bwanji? Ine sindili bwino, ndipo musandifunse chifukwa ngati simukudziwa.

Foni yanga Ammi aitsekera m'bokosi la malata limodzi ndi nsalu za ukwati. Ndinakuimbirani katatu pa foni ya mphunzitsi mnzanga kusukulu, koma inu anthu ophunzira simuyankha manambala achilendo. Ndiye nayi kalata, ya sitampa yomwe.

Makina anuwa ndi abodza. Ndanena. Inu simunalipo Lachisanu lija, ine ndinalipo. Kabokosi katati "ayi", ndinayang'ana Abbu, msozi ukutsika kulowera m'khutu. Ammi ati ndi fumbi. Fumbi lake liti, poti amakolopa chipindacho katatu pa tsiku?

Miyezi khumi ndi inayi Sarmad wakhala akubwera kuno. Ankawapinda Abbu mawondo kwinaku akuwafotokozera kiriketi ya dzulo mpira ndi mpira, mpaka kuyerekeza mawu a muulutsi. Ndi iye yekha amene ankayankhula nawo ngati munthu, ena tonse timayankhula nawo ngati khanda. Lero waletsedwa kuponda pakhomo pano. Mmalo mwake kukubwera Waqas, amene amawakoka mwendo ngati akutsitsa katoni ya matailosi m'lole.

Ndipo tandiuzeni, Abbu amene ankagona ndi wailesi pachifuwa angadane ndi kiriketi? Dzulo masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinawafunsa ngati ndiyatse fani. Kabokosi kanati ayi. Munthu thukuta lili kamukamu!

Mumve bwino, achimwene. Ine sindithawa panyumba, ndipo mawu a Abbu sindiwaphwanya. Ngati iwo eni ake akumukanadi Sarmad, ndilira, ndipukuta misozi, ndikwatiwa ndi matailosiwo. Koma ndikufuna ndidziwe kuti wakana ndi bambo anga, osati bokosi lanu. Munapita kutali kukaphunzira za ubongo, gwiritsaniko ntchito wanuwo.

Mlongo wanu,
Mahrukh

*

Busan, 24 Epulo

Ammi okondedwa,

Wa aleikum salaam. Makalata onse awiri afika tsiku limodzi. Ndikudya, Ammi, khosi langa lakhala lotero chibadwire. Mundipsompsonere Abbu pamphumi.

Mahrukh akuti makina akunama. Mumuuze kuti ndamumvera chisoni, koma mtima ukasweka munthu amakwiyira ngakhale mpando. Makinawa sanama. Tinawayesa pa anthu ambiri kuno.

Ndibwereze mmene amagwirira ntchito, mwina Mahrukh amvetsa. Abbu akafuna kunena eya, amaganiza ngati akufinya dzanja lamanja. Akafuna ayi, lamanzere. Dzanjalo silisuntha, koma ubongo umachitabe kanthu, ndipo chisoti chimamva. Vuto ndi loti ubongo wa lero sufanana ndendende ndi wa dzulo, chisotinso sichikhala pamalo amodzimodzi. N'chifukwa chake timatchuna m'mawa uliwonse. Mukukumbuka mmene Abbu ankachitira ku positi asanayambe kuyeza maphukusi? Ankaika mwala wa kilo imodzi pa sikelo kuti aone ngati ikulozadi kilo. Mafunso khumi aja ndiwo mwalawo. Ndi mafunso amene yankho lake timalidziwa kale, kuti makina aphunzire kuti eya wa Abbu lero akuoneka chonchi, ayi wawo chonchi.

Komabe pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene chandidetsa nkhawa. Mafuta, Ammi! Ndinanena ine kuti m'mutu muzikhala mouma. Mafuta amatchinga mawaya. Ngati pali kulakwitsa pang'ono, monga za fani zija, ndi mafutawo. Chonde lekani lero lomwe.

Kubwera pa 21 Juni sinditha. Gulu lathu lili pakati pa ntchito yaikulu, tikuyesa njira yoti makina azidzitchuna okha popanda mafunso a m'mawa. Zikatheka mudzapumako.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Pepala la mafunso ndinamata pakhoma lija likadalipo? Ngati lafufutika mundiuze, nditumiza lina.

Mwana wanu,
Tabish

*

Multan, 13 Meyi

Tabish,

Salaam. Tili moyo, ngakhale kalata yako inafuna kundipha.

Ndiye mafuta anga ndiwo alakwa? Mutu wakowo, umene ukuutenga ngati wa pulezidenti, unakula ndi mafuta omwewa. Komabe ndasiya, kuti usadzanene kuti amako ndi osamva. Masabata awiri tsopano mutu wa bambo ako uli mbuu ngati msewu, koma mayankho sanasinthe ngakhale limodzi. Ndiye bwanji pamenepo, adokotala?

Pepala lako lija ndinachotsa kalekale, ndinayalira shelefu. Iwe, ulibe manyazi? "Kodi dzina lanu ndinu Mukhtar?" "Kodi ndinu mbuzi?" "Kodi kunja kukugwa matalala?" Munthu amene anayendetsa positi yonse, amene anthu ankamuimirira akamadutsa, ndizimufunsa m'mawa uliwonse ngati ali mbuzi? Ndinachita sabata imodzi, lilime linakana. Pepalalo ndimalitulutsa pokhapokha ndikakhala pa changu.

Unati mafunso akhale amene yankho lake ndikulidziwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndi munthuyu, pali chimene sindichidziwa? Anga ndi awa, uwaone wekha ngati sali aulemu.

A batani lobiriwira:
Kodi mumakonda karela wanga?
Kodi mumasangalala achimwene anga a Jahangir akabwera?
Kodi ndinachita bwino kugulitsa nkhunda zanu zija zinkaipitsa denga?
Kodi makatani atsopanowa ndi okongola?
Kodi mwagona bwino?

A batani lofiira:
Kodi ine ndimalongolola?
Kodi mumamusowa fodya?
Kodi amayi anu ankaphika bwino kuposa ine?
Kodi mumanong'oneza bondo kuti tinasamuka ku nyumba ya positi ija?
Kodi ndimakuvutitsani ndi mafunsowa?

Waona? Pamenepo mwamuna ndi mkazi wake akucheza, makina akuphunzira, aliyense wasangalala.

Mahrukh akudya pang'ono ngati mbalame, koma zimatha zimenezo. Inenso ndinalira nditamva kuti ndikwatiwa ndi bambo ako, taona lero. Telala wayamba kusoka. Amalume ako alonjeza kutiikira matailosi m'bafa.

Udye, ndipo usiye kuphunzitsa amako ntchito.

Ammi ako

*

Busan, 30 Meyi

Mahrukh,

Ndikulemba m'Chingerezi kuti Ammi asawerenge. Pepa, mlongo wanga. Pepa kwambiri. Mbuzi ija ndine.

Kalata ya Ammi ndinaiwerengera mu labu. Ndinaseka mpaka mnzanga wa ku Korea anandibweretsera madzi, kenako ndinakhala pansi mutu uli m'manja. Taganiza. Ammi akufunsa za karela, Abbu akufinya dzanja lamanzere kuti ayi, Ammi akudina lobiriwira. Makina akulemba kuti, ohoo, lamanzere ndiye eya. Kakhumi m'mawa uliwonse! Makinawa sananame, anaphunzitsidwa mozondoka. Mwala wa pa sikelo ndiwo unali wabodza. Ndiye "ayi" wa Lachisanu lija, wadziwa wekha chimene anali.

Ndaimba kunyumba kawiri kuti ndiwafotokozere Ammi. Ndikangoti "mafunso anu aja", iwo amati, "Halo? Halo? Sizikumveka," n'kudula. Za mtsikana wodziwa kupemphera zokha ndiye zimamveka bwinobwino. Kutumiza pa intaneti sindingathe, paja Ammi anazula waya uja ati azungu asamawerenge maganizo a amuna awo.

Ndiye taona kakhadi kakang'ono kali m'kalatamu. Ndi ntchito ija ndinanena, aprofesa andilola kuti Abbu akhale m'gulu la oyesera. Kalowetse pa kabowo kali kumbuyo kwa bokosi, uzimitse, uyatsenso. Basi.

Kamagwira ntchito motere. Wina akakunenera zimene sunanene, mumtima umati "asa!" usanatsegule n'komwe pakamwa. Ubongo umadzidzimuka pang'ono chotero, ndipo chisoti chimamva. Bokosi likanena eya koma mutu wa Abbu n'kudzidzimuka, lidziwa kuti laphonya, lidzikonza lokha, ndipo mawa silibwerezanso. Silimveranso mabatani a munthu aliyense, limvera Abbu okha. Ammi azidina mmene angafunire.

Limafuna masiku awiri kapena atatu kuti lizolowere. Uziwafunsa Abbu timafunso tambirimbiri Ammi akakhala kukhitchini. Likakhazikika lidzayambanso kuwatchulira zilembo, iwo n'kumasankha, pang'onopang'ono.

Koma ndikuchenjeze. Bokosili silidziwa ulemu.

Mchimwene wako wopusa,
Tabish

*

Multan, 14 Juni

Achimwene,

Salaam, ngati mukadali moyo.

Kwatsala sabata imodzi. Kalata yanu yomaliza inali ya mafuta ija. Mafuta! Ine ndikumira, inu mukuyeza kuya kwa madzi. Chichokereni apo, zii.

Diresi lafika, ndi lobiriwira ngati batani la Ammi. Waqas wandibweretsera kabuku ka matailosi kuti ndisankhe a kukhitchini kwanga. Sarmad ndinamuona patali pa siteji ya basi, waonda, anangoweramitsa mutu.

Kuno aliyense akuthandiza mmene angathere kupatula inu. Ngakhale Ammi apeza chithumwa chatsopano, achisokera m'kansalu kakuda n'kuwamanga nacho Abbu pamkono. Ati n'champhamvu kwambiri, chachokera kutali.

Musavutikenso kuyankha, ikafika ndidzakhala nditatomeredwa kale.

Mahrukh

*

Multan, 22 Juni

Achimwene anga okondedwa, anzeru, a khosi lokongola,

Salaam! Khalani pansi kaye.

Lachinayi ndikuwapukuta Abbu mkono ndinafunsa Ammi kuti chithumwachi anachitenga kwa shehe uti. Iwo ati, "Shehe wanji? Watumiza ndi mchimwene wako. Wayamba kukhwima nzeru mwana uja, analemba ndi mapemphero omwe, masamba awiri." Achimwene! Kalata yanu inafika kalekale, ndipo masiku khumi yakhala ikulendewera pamkono pa Abbu, ine ndikukutukwanani! Ammi atangopita kwa telala ndinasosola ulusi, kutulutsa kalata ndi kakhadi, n'kusokeramo kachidutswa ka katoni. Mpaka lero akuti chithumwacho chikugwira ntchito.

Masiku awiri ndinawafunsa Abbu timafunso monong'ona. Bokosi linkangosokonezeka, eya, ayi, pepani, eya. Za Sarmad sindinafunse. Ndinkaopa kumva yankho ndili ndekha, komanso ndani akanandikhulupirira?

Dzulo anafika. Amalume a Jahangir, azakhali, Waqas atavala jekete m'kutentha kumeneku, ndi mathireyi asanu a maswiti. Tinawakhazika Abbu pabalaza, chisoti kumutu. Amalume anakhosomola n'kuyamba.

"Alamu, paja munavomera kale, uwu ndi mwambo chabe. Mukumupereka Mahrukh kwa mwana wanga Waqas?"

Bokosi linati, "Eya."

Azakhali anali atatola kale switi kuti andiike m'kamwa. Kenako bokosi lija, ndi mawu ake aulesi aja:

"Pepani, ndalakwitsa. Ayi."

Switi inaima m'malere. Amalume anaseka. "Magetsi awa. Alamu, ndikuti Waqas, mwana wanu yemwe, wa sitolo ziwiri."

"Ayi."

"Chaka chamawa atsegula yachitatu."

"Ayi."

Waqas anati mwina akachigogoda pang'ono chisoticho. Ndinamuuza kuti akangochikhudza ndimugogoda ndi thireyi. Ammi anaimirira, nkhope ili gwaa.

"Chawonongeka ichi. Achimwene musadandaule, ndikuonetsani pompano kuti chapenga." Anawerama pamaso pa Abbu, mawu ali ofewa. "Bambo a Tabish, kodi mumakonda karela wanga?"

Achimwene, ndinatseka maso. Ndinapemphera kuti magetsi azime. Tsiku lonse amazimazima, koma pamene tikuwafuna kuti azime, ayi ndithu.

"Ayi."

"Mwamva!" Ammi anatembenukira alendo. "Sindinanene? Zaka makumi atatu ndi zinayi munthuyu amapempha kuwonjezera!"

Amalume, pofuna kuthandiza mlongo wawo, anafunsa mokweza, "Alamu, nanga ine ndikabwera simusangalala?"

"Ayi."

Azakhali anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa ndi mpango. Pamenepo ndinalimba mtima. Ndinati ngati chapenga n'kumangoti ayi, tiyeni tifunse zina. Dzina lanu ndinu Mukhtar? Eya. Ndinu mbuzi? Ayi. Ndiyatse wailesi ya kiriketi? Eya, ndisanamalize n'komwe kufunsa. Kenako ndinagwada, ndinawagwira dzanja.

"Abbu, mukundilola kukwatiwa ndi Sarmad?"

"Eya."

Tonse tinadikira kuti linene pepani. Tinadikira, tinadikira. Silinanene.

Amalume ananyamuka ndi mathireyi awo onse asanu, za matailosi a m'bafa tiiwale. Ine ndinalira pachifuwa pa Abbu mpaka malaya awo ananyowa.

Koma achimwene, chimwemwe changa chili ndi bala. Alendo atapita Ammi sanakalipe. Ammi athu, osakalipa! Analowa kukhitchini, anatenga poto wa karela amene anaphikira alendo, anakamukhuthulira m'bini, n'kutsuka potoyo nthawi yaitali. Lero sanalowe m'chipinda cha Abbu. Awasambitsa ndine.

Mahrukh

*

Multan, 25 Juni

Tabish,

Salaam. Tili moyo.

Mlongo wako wandiuza zonse, za chithumwa chako chabodzacho. Sarmad abwere ndi amayi ake, sindiletsa. Mwini mwana wanena. Ine sindinafunepo kupondereza mawu a bambo ako, Mulungu ndi mboni. Ndinkayesa kuti ndikuwadziwa.

Ndikufunse chinthu chimodzi, poti ndiwe wophunzira. Sabata yoyamba ya ukwati wathu ndinaphika karela, apongozi anga ataima pakhomo la khitchini kudikira kuti ndilakwitse. Bambo ako anadya, anapukuta mbale ndi chapati, n'kunena mokweza kuti amayi awo amve, "Wonjezera." Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumuphika. Kumupala, kumuthira mchere, kumufinya kuti kuwawa kuchepe, zala kuchita kusuwa. Ine mwini sindimukonda n'komwe.

Ndiye undiuze. Ngati zimenezo zinali zabodza, zoona zinali ziti? Mafunso asanu ndi anayi otsalawo sindifunsa. Ndikuopa.

Makina ako ndi abwino, sakufunanso munthu wowatchuna. M'mawa ndimangokhala.

Ammi ako

*

Multan, 19 Julaye

Tabish,

Salaam. Ndine bambo ako. Ndikulemba ndekha, chilembo chimodzichimodzi. Mahrukh akukopera papepala. Kalatayi yanditengera masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, ndiye uiwerenge mosathamanga.

Makina ako afika. Zikomo. Adiresi pa envelopu unalemba mopendekera.

Ufunsa chifukwa chake sindinkangonama m'mawa kuti sikelo iwongoke. Unandiuza wekha kuti ndiziganiza zoona zokhazokha. Komanso ndinali nditakwiya. Thupi landithawa, pakamwa pandithawa. Ndinati m'mutu mwanga momwemu, malo okhawo anditsalira, ndizinamanso? Ndinakana. Mwano umenewo unatsala pang'ono kumutayitsa mwana wanga.

Tsiku la Sarmad ndinaiwala kuti sikelo ndi yozondoka. Ndinasangalala kwambiri, ndinangofinya lamanja. Tsiku la Waqas ndinati ndichenjere, ndiganize eya kuti patuluke ayi. M'mawa umenewo amako anali pa changu, anagwiritsa ntchito mafunso ako a mbuzi aja. Sikelo inali yowongoka.

Ukwati ndi wa mu Disembala. Ubwere. Sarmad wayambiranso kubwera, mawondo anga akupindika.

Tsopano dandaulo. Bokosi lakoli lili ndi vuto lalikulu. Sililola munthu kunama. Ndikayesa, mutu umadzidzimuka, ilo n'kuti pepani ndalakwitsa. Uwauze aprofesa ako kuti banja silingayende choncho.

Amako anakhala masabata awiri osandifunsa kanthu. Ankandipatsa phala, kundipukuta pakamwa, kutuluka. Nyumba inali zii. Ndinkapempha bata zaka zonsezi, litabwera linandiwawa kuposa karela.

Ndiye ndinayamba kuyeserera. Mahrukh ankandifunsa funso la karela lija kakhumi pa tsiku. Ndinkati eya, bokosi linkati pepani. Ndinayesa kuganiza za nyama. Pepani. Za mango. Pepani. Bokosi lako ndi louma mutu ngati iwe.

Kenako ndinasiya kuganiza za mbale. Ndinaganiza za mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ataima pafupi ndi mbaula, akundiyang'ana ngati ndine woweruza milandu.

Lachiwiri ndinalemba kuti amako abwere. Anaima pakhomo, manja m'chiuno. Ndinalemba, FUNSA. Anati safuna. Ndinalembanso, FUNSA. Anafunsa akuyang'ana kukhoma.

Bokosi linati eya.

Anadikira. Anakoka mpando, anakhala pansi, anadikirabe. Silinapepese.

Ananditchula nkhalamba yabodza. Analira. Anandidzoza mafuta m'mutu, ambiri, usamuuze aliyense. Kenako anandikalipira za nkhunda zija mpaka dzuwa kupendeka, ngakhale sindinazitchule.

Tsopano karela akubwera katatu pa tsiku. Ndi wowawa monga kale.

Ngati ungathe, tumiza maswiti a ku Koreako. Uwatumize ku sukulu ya Mahrukh, amako angadzandimangenso nawo pamkono. Umate sitampa zokwanira.

Bambo ako,
Mukhtar